Nyundo Yosowa pa Bolodi

A Kapitawo anatseka galaja ya asilikali nthawi itadutsa 11 koloko usiku. Basi yomaliza inali itapita kalekale. Sanadandaule. Panali patapita zaka zinayi chimwalirireni akazi awo, ndipo kunyumba kunalibenso wowafunsa kumene achedwa.

Iwo sanali msilikali. Anali makaniko wamba, wolembedwa ntchito yoyang'anira amisiri okonza galimoto zankhondo: malole onyamula asilikali, malole a madzi, ndi zigalimoto zija za zitsulo zochindikala zimene zimafika pagalaja zikukokedwa ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola. Injini ikangotsokomola, iwo ankadziwa pamene pakuiwawa. Koma kuwotcherera zitsulo sinali ntchito yawo, ndipo vuto la tsikulo linagona pamenepo.

Lole yaikulu inali itang'aluka chasisi, chitsulo cha msana chimene galimoto yonse imagonapo. Wowotcherera wa pagalajapo anali atapuma ntchito. A Meja anabwera m'mawa n'kunena kuti pofika 8 koloko mawa lake akufuna kumva amene wasankhidwa, chifukwa Lolemba loleyo inyamuka ndi ana a eni makumi atatu, msewu wa kumapiri. Anawonjezera kuti msoko ukakalekana panjira sadzafunsa wowotcherera. Adzafunsa amene anamusankha.

Ofuna ntchitoyo anatsala awiri. Woyamba anabwera ndi masatifiketi asanu m'pulasitiki, ovolosi yosita, ndi chigoba cha kumaso chimene chimada chokha moto ukangoyaka. Wachiwiri anali mkamwini wa a Kapitawo, mwamuna wa mwana wawo mmodzi yekhayo, wowotcherera mageti ndi mawilibala kuseri kwa msika. Anthu ankamutchula Wailesi. Ankayankhula podzuka, ankayankhula pakudya, ndipo mkazi wake ananenapo kuti ngakhale m'tulo amapereka moni kwa anthu odutsa. A Kapitawo pa tsiku sankafikitsa mawu makumi awiri. Tsiku loyamba kuonana, iwo anamufunsa funso la mawu atatu, iye n'kuwayankha kwa theka la ola. Chiyambire pamenepo ankamuona ngati mpope wodontha usiku.

Masana a tsikulo a Kapitawo anapatsa aliyense tizitsulo tiwiri tochindikala ngati chasisi kuti atilumikize. Wa masatifiketi anamaliza ntchito yake tiyi wa a Kapitawo asanazizire. Msoko wake unali wosalala, wowongoka, timizere take tofanana ngati mano a chipeso, moti asilikali awiri anaujambula pa foni. Wailesi anatha ola lathunthu. Anayamba wakana kamakina kowotcherera katsopano kofiira kamene a Kapitawo anasankha okha chaka chathachi, n'kukakoka chimakina chakale cha kuseri kwa chitseko, chimene akangaude anali atamangapo mudzi. Kenako anapala m'mphepete mwa tizitsulo tija mpaka pakati panakhala kangalande. Anawotcherera pang'ono, n'kufunsa mlonda za mwendo wake. Anagogoda makoko akuda otsala pamwamba pa msoko, anawotchereranso, n'kuyamba nkhani ya mpira. Msoko umene unatuluka unali wa zithupsa, wonenepa apa, woonda apo, ngati bala losokedwa mumdima.

A Kapitawo anakondwa. Sanaonetse, koma anakondwa. Palibe amene akananena kuti akondera mkamwini, ndipo makutu awo akanapitiriza kupuma pantchito. Komabe anthu onse ataweruka, iwo anatsala pa benchi ndi zitsulo ziwiri zija, akuzitembenuza pansi pa getsi. Chokongola chija chinkawakomera m'maso koma ankachikayikira. Chifukwa chake sanachipeze. Cha m'ma 7 mwana wawo anaimba foni. Za ntchito sanatchuleko. Anangofunsa ngati adya, n'kunena kuti mdzukulu wawo wamera dzino lachiwiri. Bola akanangopempha, iwo akanakana bwinobwino. Pomaliza anaponya zitsulo zonse ziwiri m'thumba kuti akazione ndi maso a kunyumba.

Asanazimitse magetsi anayang'ana bolodi la zipangizo, monga ankachitira tsiku lililonse. Bolodilo linadzaza khoma lonse. Sipanala iliyonse, pulayasi, sowo ndi tchizulo zinali ndi msomali wake, ndipo kuseri kwake kunali chithunzi chake chojambulidwa ndi penti yachikasu, kuti chikachoka malo ake aziimba mlandu okha. Mmisiri akatenga chipangizo ankakoloweka pa msomalipo kamkuwa kozungulira ka nambala yake. Akabweza, ankatenga kamkuwa kake n'kuweruka. Usikuwo zonse zinali m'malo mwake kupatula chimodzi, cha masiku onse: chithunzi cha kanyundo kogogodera makoko a msoko, kosongoka mbali imodzi. Pa msomali wake panali kamkuwa ka nambala 7, kodetsedwa ndi zaka. Atangoyamba ntchito pagalajapo zaka zisanu zapitazo anafunsapo a Sitolo, mkulu wosunga zipangizo. A Sitolo anati mwini wake sanabweze. A Kapitawo ankakonda mayankho aafupi, choncho sanafunsenso. Koma malo aja ankawasautsa ngati gweru m'kamwa.

Pageti msilikali anawaunika ndi tochi, n'kuwafunsa ngati sakuopa kudzera kumanda nthawi imeneyo. Anati ayi. Njira yawo inali imodzi: kutsata mpanda wa waya, kudutsa pamanda, kutsika kachitunda, kuwoloka mlatho wachitsulo, kenako nyumba. Mwezi kunalibe. Magetsi a pamsewu anathera pa ngodya ya mpanda, ndipo kutsogolo kunali mdima wa ndiweyani. Zitsulo zinkagundana m'thumba pa sitepe iliyonse.

Manda sankawaopa. Munthu woopsa kwambiri m'mandamo anali akazi awo, ndipo amenewo anawazolowera zaka makumi atatu. Usiku uliwonse ankaima pa khoma lalifupi la mandawo, kuvula chipewa n'kupereka lipoti. Lipotilo silinkatalika. Mvula. Injini yakana. Ndadya. Usikuwo anavula chipewa n'kunena kuti achedwa. Kenako anawonjezera:

"Mkamwini wanu uja, mayi. Msoko wonyansa. Ndimusiya."

Malemuwo ankamukonda Wailesi. Ankati nyumba ya anthu awiri osayankhula imamera nkhungu. Ndipo akamatsutsa nkhani sankakweza mawu, ankangogogoda poto ndi supuni mpaka amuna awo asinthe maganizo. A Kapitawo anadikira monga mwa chizolowezi. Kunali zii. Anakweza chipewa kuti avale.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Chipewa chinaima m'malere.

Ngwe... ngwe...

Chitsulo pa chitsulo. Pang'onopang'ono, mosafulumira. A Kapitawo anayang'ana kumene kunali mtanda wa akazi awo. Anatsala pang'ono kupepesa. Koma atatchera bwino khutu anapeza kuti phokosolo silikuchokera m'manda. Linkachokera kumunsi, ku mlatho. Anapumira m'mwamba, anavala chipewa, n'kutsika kachitunda. Anadziuza kuti ndi wakuba zitsulo. Wakuba ndi munthu, ndipo munthu ali ndi mutu woti thumba la zitsulo lingathe kuyankhula nawo.

Pakati pa mlatho panali munthu atawerama. A Kapitawo anayatsa tochi yawo, ndipo inamupeza miyendo, kenako msana. Anavala ovolosi ya asilikali ya mtundu wakale, yamabatani, imene a Kapitawo anali atangoiona pa zithunzi za muofesi. M'manja anali ndi magolovesi achikopa ofika m'zigongono. Kumaso anatsitsa chigoba chowotcherera, chakale, chokhala ndi kagalasi kakuda kang'onong'ono. Usiku! Munthu atavala chigoba chotere masana sangaone n'komwe dzanja lake mpaka moto uyake. Koma uyu ankayenda molunjika, kuchoka pa msoko wina wa mlathowo kupita pa wina. Ankaugogoda ndi kanyundo, n'kupendeketsa mutu kumvetsera.

Ngwe.

"Uwu ulipo," anatero yekha.

Anasuntha. Ngwe.

"Uwu ukunama."

Wamisala, anaganiza a Kapitawo, ndipo mtima unakhalako m'malo. Anapereka moni. Munthuyo anapitiriza kugogoda. Anasendera mbali ina ya mlatho kuti adutse. Nsapato zawo zinkalira pa zitsulo za pansi, gu, gu, gu. Munthu uja anawongoka n'kuyamba kuyenda nawo limodzi, mbali yake. Anali ndi majombo aakulu. A Kapitawo anamvetsera. Gu, gu, gu. Nsapato za munthu mmodzi.

Anaima. Nayenso anaima.

Kunabwera fungo la chitsulo chopsa, lija limatsala m'galaja wowotcherera akangomaliza. Koma kunalibe moto. Kunkazizira. Tochi inayamba kufiira, kufiira, mpaka inatsala ngati khala la ndudu.

"M'thumbamo muli bodza limodzi," anatero munthuyo. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'mgolo wopanda kanthu. "Ndalimva kuchokera kumtunda. Likulira mopepuka."

A Kapitawo anali asanathawepo chinthu chiyambireni kumera ndevu. Analamula miyendo kuti iyende mwaulemu. Miyendo inakana. Anayesa kunena kuti katunduyo ndi wa boma, koma pakamwa panatuluka kamphepo kokha. Golovesi inatambasuka. Iwo anaona dzanja lawo lomwe likupereka thumba lija popanda kuwafunsa. Pokhudzana, golovesiyo inali yozizira ngati sipanala yogona panja. Ndipo inali yofewa... yofewa kwambiri... ngati zala mulibe.

Munthuyo anatulutsa chitsulo chokongola chija. Anachisisita kuyambira uku mpaka uko, mwachikondi.

"Aa. Wokongola," anatero. "Ngati wanga."

Anachilowetsa pampata wa zitsulo ziwiri za mlatho kuti chigwire ngati chili pa vayisi yopanira zitsulo. Anakweza kanyundo kaja. Kanali kakang'ono, koti sikangathyole ngakhale loko wa sutikesi.

Thyo!

Kamodzi kokha. Theka linatsala pampata paja, theka lina linauluka kupita kumtsinje. A Kapitawo anadikira kuti amve likugwera m'madzi. Anadikira... Munthuyo anawasonyeza theka lotsalalo pafupi ndi katochi kofiira kaja. Mkati mwa msoko chitsulo chinali choyera, chosalala, moto sunafikemo n'komwe. Kukongola konse kuja kunangokhala pamwamba ngati penti pa khoma long'aluka. A Kapitawo anaona m'maganizo mwawo lole ikutsika phiri, ndi zipewa makumi atatu kumbuyo kwake.

Kenako chinalowa chonyansa chija. Munthuyo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa chigoba ngati munthu amene waona mwana wosasamba. Anamenya. Ngwe! Anamenyanso. Ngwe! Mlatho wonse unanjenjemera mpaka mano a a Kapitawo anagundana. Kachisanu, kachisanu ndi chitatu, kachikhumi. Chitsulo chinapinda ngati bondo. Msoko sunasunthe.

Anachichotsa n'kuyendetsa chala cha golovesi pa zithupsa zija, chimodzichimodzi.

"Apa anaima kuti aseke," anatero. "Apa anapereka moni. Apa anayamba nkhani ya mpira. Yaitali." Chigoba chinatembenukira kwa a Kapitawo. "Amayankhula munthuyu."

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi chikwatireni Wailesi mwana wawo, palibe amene anali atawamvetsapo pa nkhani imeneyi. Mawu anabwerera okha.

"Kwambiri," anatero a Kapitawo.

"Musiyeni. Iye akamayankhula chitsulo chimapuma. Akamaliza amagogoda makoko, n'kulowanso mkati. Katatu analowa. Ine sindinkayankhula. Ndinkathamanga, anthu n'kumaomba m'manja."

Ananunkhiza chitsulocho kudzera pansi pa chigoba, n'kunena kuti umenewu ndi moto wa chimakina cha kuseri kwa chitseko, ndipo wakondwa kuti chikadali moyo. Anati wamva kuti masiku ano m'galajamo muli kamakina kofiira kopepuka ngati chikwama cha mwana wa sukulu, koyenera kuwotcherera khola la nkhuku. Anafunsa kuti anakasankha ndani.

A Kapitawo anayang'ana kumtsinje. Anayang'ana kumwamba.

"A Meja," anatero.

Munthuyo anasendera pafupi. Pafupi kwambiri. Anakweza kanyundo pang'onopang'ono... n'kugogoda pa chitsulo cha lamba wa a Kapitawo. Ngwe. Anapendeketsa mutu, n'kumvetsera mimba yawo.

"Uwu ukunama."

A Kapitawo anavomera ndi mutu. Anavomeranso kachiwiri kuti zitsimikizike. Ndipo poweramitsa mutupo ndi pamene anakaona bwino kanyundo kaja. Kosongoka mbali imodzi. Mpini wake wa waya wopota. Ndipo m'khosi mwake munali mzere wa penti yachikasu, penti yomweyo ya pa bolodi.

Mantha ali ndi malire ake. Munthu akhoza kukuthyolera chitsulo, akhoza kukugwira bodza pakati pa mlatho, koma kuyenda ndi chipangizo cha pa bolodi kunja kwa geti ndi nkhani ina. A Kapitawo anawongola msana. Mawu anatuluka a kapitawo.

"Nyundoyo ndi ya pa bolodi."



Munthu uja anaweramitsa chigoba ngati mmisiri wogwidwa akugona pansi pa lole.

"Ndakhala ndikubwera nayo," anatero motsitsa. "Pageti sandiona. Ndimaima, ndimaima. Tochi imangondidutsa."

Anaitembenuza nyundoyo n'kuipereka mpini kutsogolo, monga amachitira mmisiri wophunzitsidwa bwino. Inali yozizira moti inamata m'dzanja.

"Mukauze a Sitolo andichotse pa msomali. Kamkuwa kanga mudzandisiyire pompano. Ndiweruke, akapitawo. Ndatopa."

A Kapitawo anafuna kufunsa dzina loti akanene. Sanafike pofunsa. Munthuyo anausa moyo ngati amene wamaliza ntchito yaitali, n'kuchita zimene wowotcherera aliyense amachita akamaliza. Anakankhira chigoba m'mwamba kuti apukute thukuta.

Munali kolala ya ovolosi. Pamwamba pake panali chigoba. Pakati...

Pakati a Kapitawo anaona getsi la pakhonde la nyumba ya kutsidya!

Miyendo ija inakana kuyenda mwaulemu tsopano inavomera zonse. Liwiro la mtondo wadooka. Chipewa chinatsala. Tochi inatsala. Koma thumba anali atalitola, munthu uja atabwezamo kale theka lija ndi chopindika chija, ndipo nyundo anaigwira pachifuwa ngati khanda. Kumbuyo kwawo mawu aja anawatsata mosakwiya, akuwakumbutsa kuti chimakina chakale chija amachithira mafuta.

Kunyumba anayatsa magetsi onse, la kubafa lomwe. Anaika nyundo patebulo n'kukhala moyang'anizana nayo, nsapato zili kuphazi. Bata la m'nyumbamo, limene ankalikonda zaka zonsezi, usikuwo linawakulira. Anatsegula kawailesi ka akazi awo kamene kanali chete chiwaikireni m'manda, n'kumvetsera bambo wina akufotokoza za matenda a mbuzi mpaka kunja kunacha.

Nthawi ya 8 koloko anagogoda kuofesi ya a Meja. Anaika patebulo theka la chitsulo chokongola, n'kuika pambali pake chopindika chija. A Meja anafunsa amene wasankhidwa.

"Mkamwini wanga."

A Meja anakweza nsidze. Ananena kuti anthu adzayankhula, ndipo wa masatifiketi uja akhoza kudandaula kwa akuluakulu. A Kapitawo anangokankhira theka lija patsogolo, mbali yothyoka ili m'mwamba. A Meja anayang'ana chitsulo choyera chosakhudzidwa ndi moto. Ananyamula chopindika chija, anayesa kuchiwongola pa bondo, nkhope n'kufiira. Anafunsa kuti anachiyesa ndi makina anji. A Kapitawo anati ndi nyundo. Anafunsa kuti anamenya ndani. Anati mmisiri. A Meja ankakonda miyambi, ndipo anayamba kunena za nkhuyu yokongola kunja mkati muli nyerere, koma atakweza maso anapeza akuuza chitseko.

Pofika 9 koloko Wailesi anali kale pansi pa lole, chimakina chakale chikung'ung'udza pambali pake. Anali atathokoza apongozi ake kanayi, atafotokozera amakaniko mbiri ya dzino la mwana wake, ndipo anali mkati mopala mng'alu wa chasisi uku akufunsa sajeni wina ngati anakwatira. A Kapitawo anamudutsa n'kupita pa windo la a Sitolo. Anaika nyundo pa thabwa.

A Sitolo anali ndi kapu ya tiyi m'manja. Anaitsitsa pang'onopang'ono, n'kuiika pambali pa thabwa, pamene panalibe thabwa. Sanayang'ane n'komwe pamene yagwera. Anafunsa kumene aitola. A Kapitawo anati sanaitole, achita kupatsidwa ndi mwini wake pa mlatho. Anati ndi wamtali, wovala chigoba usiku, ndipo akuti amuchotse pa msomali aweruke.

A Sitolo anakhala pansi pa mgolo wa oyilo. Anafotokoza akuyang'ana nyundoyo, osati a Kapitawo. Nambala 7 anali a Telala. Anawapatsa dzinalo chifukwa msoko wawo unkaoneka ngati wasokedwa pa makina. Akuluakulu akabwera kudzayendera galaja ankawatengera kwa a Telala kuti akaone. Tsiku lina chitsulo chokokera galimoto zowonongeka chinathyoka, ndipo a Telala anachiwotcherera mothamanga alendo akuonerera, onse n'kuomba m'manja. Madzulo ake anapita nacho kukakoka lole imene inafera kutsidya. Pobwerera, atafika pa mlatho, a Telala anauza dalaivala kuti aime. Anati msoko wawo uja akuukayikira. Anatsika ndi nyundo imeneyi, n'kulowa pakati pa galimoto ziwirizo kuti akagogode msoko wawo aumve.

"Anagogoda kamodzi," anatero a Sitolo. "Ndinali kutsogolo ndi dalaivala. Ndinamva msoko ukuthyoka, lole ya kumbuyo n'kuwapana."

Anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Tinawaika m'manda omwewa a kumtundawa. Mwezi wamawa zikwana zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nyundo tinaifuna masiku atatu, mpaka m'madzi. Ndiye ine ndikanachotsa bwanji kamkuwa, chipangizo chisanabwere? Lamulo ndi lamulo."

A Kapitawo anavomera ndi mutu. Pa zonse zimene anamva m'mawawo, chimenecho chokha ndi chimene chinali chomveka.

Anapita onse awiri pa bolodi. A Sitolo anachotsa kamkuwa ndi pulayasi, osati ndi zala, n'kukagwetsera m'thumba la ovolosi ya a Kapitawo. Nyundo inakwera pa msomali wake. Inalowa m'chithunzi chachikasu chija ndendende. A Sitolo anati iwo mbali yawo achita, ndipo kunyamula timikuwa kupita nato kwa eni ake si ntchito ya sitolo.

Tsiku limenelo galaja inatsekedwa dzuwa likadali pamwamba pa mpanda, koyamba m'zaka zinayi. Pamanda a Kapitawo anakweza dzanja kuti avule chipewa, n'kukumbuka kuti alibe. Anangoti, "Mwawina, mayi." Kumbuyo kwawo kunali Wailesi, amene anamuuza pageti kuti awaperekeze. Chikwatireni mwana wawo anali asanamupemphepo kanthu, ndipo pempholo linamudabwitsa moti anayenda mpanda wonse kukamwa kuli pululu, osatulutsa liwu. Anatsika kachitunda. Mlatho unaonekera. Chipewa chija chinali chokolowekedwa bwinobwino pa bawuti ya pakati, tochi ili pansi pake.

A Kapitawo anagwira kamkuwa m'thumba. Anagwiranso mkono wa mkamwini wawo.

"Nkhani ya mpira ija," anatero. "Iyambeni poyambirira. Musasiye mpaka tiwoloke."